Mango Aawisi M'masokosi

Anzanga, mukafuna kuphunzira poyi, masewera aja ozunguza timipira tomangirira ku zingwe, phunzirani kulikonse koma osati kwa apongozi. Ndikunena ine amene ndinaziona.

Ndimaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi pa Kamwendo. Nthawi imeneyo mkazi wanga Esinati anali adakali kwawo ku Kapondo, poti makolo anali asanandilole chitengwa. Kukhala wekha m'nyumba kumakuyambitsa zinthu zopanda mutu, ndiye ine ndinagwa m'mavidiyo a pafoni mpaka kukapezamo poyi. Malangizo ake ndi osavuta: tenga masokosi aatali, thiramo mpunga pang'ono kuti ukadzimenya zisapweteke, manga mfundo, yamba ndi dzanja limodzi, ndipo uime poyera popanda chokola. Ndinayeserera mpaka ndinadziona katswiri, chonsecho wondionerera anali buluzi wapakhoma.

Tsiku lokapempha chitengwa linakwana. Ndinafika m'mawa nditatchena, atsibweni ake a Esinati n'kutumiza mawu kuti tikhala pansi dzuwa likapendeka. Mantha ndinali nawo osati pang'ono, chifukwa apongozi anga, Anaphiri, anali atanena kale kuti mwana wawo sangapite ndi munthu amene sanamuonetsetse khalidwe. Esinati atanyamula ndowa kupita kumjigo, ndinati ndizembere kuseri kwa nkhokwe ndikaongole manja, mwina mtima ukhala m'malo.

Masokosi anali m'chikwama, koma opanda kanthu, poti mpunga uja makoswe anali atauyamba kale ine n'kuutaya. Nanga mkamwini angapemphe mpunga woti athire m'sokosi? Ndinatola mango awiri aawisi, olimba ngati mwala, n'kuponyamo. Kuti zizizungulira mokongola, ndinawonjezera zingwe za nsapato, n'kuzimangirira m'zala kuti zisapulumuke. Za dzanja limodzi ndinati n'za ana.

Poyamba zinayenda, mpaka ndinayamba kuimba kamluzu. Kenako ndinati ndipingase manja monga amachitira a m'vidiyo. Bango lakumanja linabwera n'kundipeza pakhutu, phwa, dziko lonse n'kuyamba kulira. Ndisanamvetse chachitika n'chiyani, lakumanzere linachokera pansi n'kundipeza malo amene sitiwatchula pagulu. Ndinabwerera chafutambuyo mikono ili m'mwamba, sokosi n'kukola chingwe choyanikapo zovala, chingwecho n'kuduka n'kundizinga khosi ndi mkono. Ndinagwa chogwada, chitenje chonyowa chitandifunda kumutu.

Nditasuzumira pansi pa chitenjecho ndinaona mapazi, lichero la mtedza, kenako Anaphiri eniake. Anali atakhala mumthunzi wa khola nthawi yonseyo, akusenda mtedza.

Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi aakazi sayandikizana, ngakhale panjira wina amapatuka. Pakhomo panalibe wina aliyense. Iwo sakanabwera kudzandimasula, ine sindikanatha kudzimasula, ndipo kuthawa ndi chitenje chawo kumutu kukanakhala mlandu wina. Ndinangoti basi, ukwati wathera pano, Esinati ndizimuonera pafoni.

Mayi aja anatembenukira kumbali, n'kuyang'ana nkhuku imene inkatola makoko.

"Nkhuku iwe," anatero, "takawafunsa alendowo ngati ali moyo."

Nanenso ndinayang'ana nkhuku yomweyo. "Uwauze kuti tilipo, zikomo kwambiri."

"Uwafunsenso, chitenje changacho achivala mpaka liti?"

Ndinamva akudzuka, kenako mpeni unabwera ukukwekwereka pansi, akuukankha ndi nsungwi yaitali yothyolera mango, nkhope atalozetsa kwina. Pambuyo pake panabwera kapu ya madzi, mwanjira yomweyo. Mapewa awo ankagwedezeka, koma kuseka kosamveka. Ulemu umenewo sindidzauiwala.

Madzulo ndinakhala pamkeka khutu litatupa ngati chitumbuwa, kakhalidwe kakenso kosamala kwambiri. Esinati ankangondiyang'ana modabwa. Atsibweni anamva pempho langa, kenako anatembenukira kwa mlongo wawo amene anakhala chapatali.

"Munkati mufuna muwaonetsetse kaye aphunzitsiwa. Nanga mwawaona?"

Ndinaweramitsa mutu kudikira chigamulo.

"Ndawaona, achimwene," anatero Anaphiri, osatchula sokosi kapena bango. "Amutenge lero lomwe. Bambo amenewa akapitiriza kukhala okha, mwana wanga akhala mkazi wamasiye mvula isanagwe."

Ndi mmene ndinapezera chitengwa, abale anga. Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti sokosi ntchito yake ndi kuphazi basi. Koma chaka chilichonse mango akayamba, kumudzi kumachokera kathumba, ndipo wobweretsayo amati apongozi asankha okha: akupsa okhaokha, ofewa bwino.