Ndinatumiza Mwamuna wa Mwini ku Dedza

Ine si munthu wolankhulalankhula. Tsiku limodzi lokha ndinalankhula kwambiri, ndipo ndinalankhula ndi munthu wolakwika.

Munali mu 2008, chaka chimene m'masitolo a ku Zvishavane, tauni yathu ya mgodi kuno kwa anthu olankhula Chishona, munatsala mashelefu okhaokha. Msuweni wanga Dalitso anachokera ku Dedza, nafika kwathu ku komboni ya Mandava ndi zikwama za mpunga ndi usipa wogulitsa. Anabweranso ndi uthenga wa mayi ake, azakhali anga a ku Dedza, mlongo wawo wa bambo. Azakhaliwo anali atadwalika. Ankalota bambo ataima pakhomo, mvula ikuwavumba, akusowa polowera. Ndiye anapereka kansalu koyera kuti Dalitso adzatape dothi pamanda a bambo, akalikwirire kumudzi pafupi ndi makolo. Ndiwo mwambo wake munthu akafera kutali. Azakhali anati safuna kutsinzina dothilo lisanafike.

"Asuweni, mandawo mukuwadziwa?" Dalitso anafunsa.

"Ndi bambo anga," ndinatero. Nkhani inathera pomwepo.

(Panali patapita zaka zambiri ndisanapondeko. Ntchito ya mumgodi. Koma munthu angasokere popita kwa bambo ake?)

Mkazi wanga anati tiyambe tafunsa akulu a mpingo. Ndinati njira ya kwathu sindifunsa.

M'mawa tinanyamula khasu. Manda akale a mpingo ali kuseri kwa milu ya dothi la mgodi. Zizindikiro ndinali nazo m'mutu: bulugamu wamkulu chakumutu, ndi chitsulo cholembedwa dzina. Titafika, mitengo kulibe. Magetsi ankangozima chaka chimenecho, anthu anadula yonse kukaphikira. Zitsulo nazo anazula kukagulitsa. Kunatsala zitsa, udzu, ndi mizere ya mbatata ya anthu anjala.

"Asuweni, bulugamu wanu uja wapita ku Joni kukafuna ntchito?"

Ndinayenda molunjika. Ndinaona chitsa chachikulu, pambali pake manda olambulidwa bwino, miyala yoyera kuzungulira. Mtima unati ndi pano. Bambo anali munthu waukhondo, ankapukuta nsapato ngakhale polowa pansi pa mgodi.

"Nanga akulambula ndani?" Dalitso anafunsanso.

"Mpingo," ndinatero.

Tinavula zipewa, tinagwada. Wolankhula amakhala mwana wa malemu, ndiye ine.

"Bambo, ndine mwana wanu woyamba. Mwakhalitsa m'dziko la eni. Mlongo wanu akukuitanani. Dzukani, mutsagane ndi mwana wawoyu. Basi idutsa pa Nyamapanda, kenako Tete. Musatsale panjira mpaka mukafike ku Dedza."

Pakamwa panatseguka. Ndinawauza za mgodi kuti ukufa. Ndinatchula adzukulu onse mayina. Misozi inatsika, ine amene sindinalire ngakhale tsiku limene mwala unandiphwanya chala. Dalitso anatapa dothi, namanga kansalu.

Tikudzuka, kumbuyo kunamveka mfuu.

"Maiwe! Varoyi!"

M'Chishona ndiko kuti afiti, ndipo afitiwo tinali ife. Wofuulayo anali gogo wina wamfupi, khasu paphewa, chigubu cha madzi m'manja. Olima mbatata anasiya mizere, nabwera. Kuno Mmalawi akapezeka pamanda ali ndi dothi m'kansalu, anthu safunsa zambiri. Mbiri yathu ya mankhwala inafika m'dziko muno ife tisanabadwe.

Ndinafotokoza m'Chishona, mofatsa, kuti awa ndi bambo anga.

"Bambo ako?" gogoyo anatero. "Awa ndi VaHove, amuna anga! Anakubereka liti, ine ndili kuti?"

Anthu anaseka. Dalitso anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedera.

Ndinaumirira. Ndinaloza chitsa. Gogoyo anati umenewo unali mkuyu, ana ake ankadya nkhuyu zake. Ndinawerama n'kuchinunkhiza. (Inde, bambo wa ndevu zanga, kununkhiza chitsa pamaso pa gulu.) Sichinali cha bulugamu.

Dalitso, pofuna kutichotsa mlandu wa ufiti, anafotokoza mwambo wonse. Apa m'pamene zinaipiratu. Gogoyo anatula chigubu, nakhala pansi.

"Wawauza apite kuti?"

"Ku Dedza, mbuya."

"Munthu amene ulendo wa ku Gweru womwe, pafupi pomwepa, ankasanza m'basi! Chinyanja samva. Akapempha bwanji madzi? Nanga ine ndikafa ndidzagona pambali pa ndani? Gwada, uwauze akhale."

Ndinagwada. Ndinaomba m'manja monga amachitira amuna a Chishona.

"VaHove, pepani. Ulendo uja si wanu. Gonani."

"Kweza mawu, anali ogontha!"

Ndinakweza, mpaka agalu a ku komboni ya Maglas uko ayenera kuti anamva. Dalitso anamasula kansalu n'kubweza dothi.

Mtima utatsika, gogoyo anafunsa dzina la bambo. Ndinalitchula.

"Phiri wa njinga yofiira? Woimba besi m'kwaya? Tiye, mwanangu."

Anatitengera chapafupi pomwepo, pamene panayanga maungu.

"Ali pansi apa. Amuna anga ananyamula nawo bokosi lake. Ndinaona kuti sikubwera munthu, ndiye ndinabzalapo kuti asagone m'tchire."

Mkulu wina wa mpingo, amene phokoso linamuitana, anavomereza. Palibe anaseka tsopano. Kuseka kuja kunali bwino.

Ndinakankha masamba a maungu, ndinagwada. Mawu onse ndinali nditawathera kwa VaHove. Ndinangoti, "Bambo, tiyeni." Iwo ankandidziwa. Zinakwana.

Dothi la pamanda a bambo linafika ku Dedza azakhali akadali moyo. Akuti analigwira pachifuwa, nagona tulo tabwino.

Chimodzi chokha kumudzi sindinawauze. Kansalu kanali kamodzi komweko, ndipo Dalitso pokung'untha zinthu ndi waulesi. Ndinaona ndi maso anga dothi loyamba litakanirira m'makwinya. Choncho ngati ku Dedza kuli wina amene akulota mdala wachilendo, wolankhula Chishona, akufunsa pokwerera basi ya ku Zvishavane, mlandu si wanga. Ine ndinawauza kuti akhale, ndipo mboni zilipo.