Masheya a Kuromu ndi Ulendo wa ku Ntcheu

Lolemba

Kalata ya mlongo wanga Enelesi ndaiwerenganso lero, kachitatu. Amayi sakudzukanso pamphasa. Akufunsa za ine. Zaka zapyola khumi ndi zisanu chichokereni ku Ntcheu.

Njira ya ku Tete ndi yotseka chifukwa cha nkhondo. Yatsala ndege yokha. Ndalama zimene tasunga ku positi zikanakwana ulendo wa pa basi, koma za ndege zikuperewera.

Nzeru ilipo. Mzungu amene ndimagwira naye ntchito, woyeza mgodi, anaitanidwa ku usilikali mwezi watha. Mudirowa yake anasiyamo buku la masheya ndi mapepala a timabokosi. Ine ntchito yanga pano pa Lalapanzi ndi kujambula mizere ya mgodi, ndiye mzere sundiopsa. Kwa milungu isanu ndakhala ndikukopera m'nyuzipepala mtengo wa masheya a kampani yathu yokumba miyala ya kuromu, tsiku limodzi kadontho kamodzi, kenaka n'kulumikiza timadonthoto. Bukulo likuti mtengo ukatsika kawiri n'kuima pamalo amodzimodzi, ndiye kuti wagunda pansi, chatsala ndi kukwera. Wanga wagunda kawiri. Ndayeza ndi lula.

Dongosolo:
Mawa, kutapa ndalama ku positi.
Lachitatu, kukagula masheya ku banki ku Gwelo.
Lachisanu, kugulitsa.
Sabata yamawa, ndege.

Lachiwiri

Ndatapa zonse. Kabuku ka ku positi kapepuka m'thumba ngakhale masamba ake ndi omwewo.

Masana ndawayalira akazi anga, amayi a Dorika, tchati yanga ya timadontho ija patebulo. Ayang'ana nthawi yaitali, manja akupukuta pa chitenje. Iwo anabadwira konkuno, Chichewa chawo chimayenda ndi Chishona. Afunsa ngati ndapitako ku siteshoni masiku ano. Akuti mulu wa kuromu wakula mpaka wabisa thanki ya madzi, ndipo sitima yonyamula miyala sinabwere milungu itatu. Mai Moyo, amene amagulitsa tiyi pamenepo, akuti makasitomala awo onse athawa.

Ndawafotokozera mofatsa kuti buku likuletsa kumvera zokamba anthu. Chilichonse chimene anthu akudziwa chinalowa kale mumtengo, ndipo mtengo uli papepala apa.

"Zvakanaka, chabwino, bambo a Dorika. Koma pepalalo silinapiteko ku siteshoni."

Ndakulunga tchati yanga. Munthu wosawerenga bukulo sangamvetse.

Nyuzipepala yafika dzuwa litapendeka, chifukwa galimoto zimadikira asilikali operekeza. Ndi ya dzulo, mitengo yake ndi ya Lachisanu lapitalo. Ndaika kadontho.

Lachitatu

Jekete ya ku tchalitchi. Ndalama m'sokosi. Tchati nditaikulunga bwino, n'kumanga ndi ulusi.

Tisanafike ku Gwelo, asilikali atitsitsa tonse m'basi. Mmodzi, mwana wamng'ono wa ziphuphu kumaso, wamasula tchati yanga. Nkhope yake yasintha. Wandipatula pagulu, waitana mkulu wake. Akufuna kudziwa kuti mapiri amenewa ndi a kuti, zigwa ziwirizi muli ndani, ndipo mzere wofiirawu ndi njira yopita kwa yani. Alipo anthu amene anatsitsidwa m'basi chonchi osabwereranso kwawo.

Ndafotokoza za kugunda pansi kawiri, nditaima padzuwa, mfuti ili pafupi ndi nthiti zanga. Sindinaphunzitsepo munthu momveka bwino chotere. Mkuluyo wamvetsera mpaka pamapeto, wabweza pepala, wanena kuti m'bale wake anataya nyumba ndi mizere yomweyi. Basi inali itapita. Ndafika m'tauni pa lole ya malasha, jekete itada.

Ku banki andidikiritsa pabenchi la anthu akuda mpaka nthawi ya nkhomaliro itatha. Kalaliki akuti chiyambireni ntchito sanaonepo Mubhurantaya, monga amatitchulira ife a ku Malawi kuno, akugula masheya. Wandipititsa kwa mzungu wokalamba wa mkati, amene wandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, n'kuimba foni ku Salisbury. Mtengo wa lero ndi wokwererapo kuposa wa papepala langa. Ndatenga zimenezo ngati umboni kuti wayamba kale kukwera. Ndasaina.

Ndine mwini kampani tsopano, pang'ono. Ndabwerera ndi njala.

Lachinayi

Wakwera! Kabokosi kamodzi kathunthu!

Kenaka ndayang'ana pamwamba pa nyuzipepala. Ndi mtengo wa Lachiwiri, ndisanagule. Wotsika kuposa umene ndalipira. Kadonthoko ndakasiya, n'kabwino kukayang'ana.

Poweruka ndakumana ndi a Jailosi Mbewe, mkulu wa ku Dedza amene amayang'anira mapampu ochotsa madzi pansi pa mgodi, mu shafuti yachiwiri. Munthu wosalankhulalankhula. Akuti auzidwa kuti azimitse pampu imodzi, ndipo ngolo zonse zakwezedwa pamwamba. Pa zaka makumi atatu sanaonepo zotere. Andifunsa ngati ife a mu ofesi tamva kanthu.

Ndati palibe. Si bodza. Ndakhala wotangwanika.

Zimene buku likuti zingagwetse munthu: mantha, dyera, mphekesera. Ine dyera ndilibe, ndikufuna tikiti imodzi yokha. Mphekesera ndazikana. Mantha ndiye andilepheretsa kudya.

Lachisanu

Belu lalira nthawi yosakhala yake. Tonse pabwalo la komboni. Manijala waima pa lole, womasulira pambali pake. Ogula a kunja asiya kutenga kuromu. Shafuti yachiwiri ikutsekedwa. Maina a ochotsedwa ntchito awerengedwa, ambirimbiri. Amene kwawo ndi ku Malawi kampani iwalipirira ndege mpaka ku Chileka. Dzina la a Jailosi lilipo. Langa palibe.

Amayi a pakomboni sanadabwe. Ena anayamba kale kugulitsa nkhuku sabata yatha.

Ndathamangira ku foni ya mu ofesi, imene sitiloledwa kuigwira. Mzungu wokalamba uja wandizindikira msanga. Akuti kugulitsa ndingagulitse, koma wogula palibe. Aliyense akugulitsa. Ndafunsa mtengo. Akuti lero pamalo pa mtengo angolemba kamzere.

Ndafufuza buku lonse, chikuto mpaka chikuto. Likunena za mizere yooneka ngati mutu ndi mapewa, ngati mbendera, ngati makona atatu. Za kamzere silikunenapo.

Sindinaike kadontho. Sindikudziwa pokaika.

Loweruka

Ndavala jekete ija, amayi a Dorika ataichapa, n'kupita kwa manijala. Ndapempha kuti dzina langa aliike pamndandanda wa ochotsedwa. Ndafotokoza za amayi, ndamuonetsa kalata.

Wandimvetsera, chilungamo chake. Kenaka wapukusa mutu. "Ayikona." Akuti woyeza mgodi ali kunkhondo, ndipo boma likufuna mapu onse a shafuti yotsekedwayo asanaisiye kuti idzaze madzi. Palibe wina wodziwa kujambula. Akuti dzanja langa ndi losamala, mizere yanga ilibe cholakwa. Zaka zonsezi sanandiyamikirepo. Wasankha lero.

Ndathokoza. Kutuluka mu ofesi ya mzungu osathokoza sindinazolowere.

Kunyumba ndimayembekeza mawu. Ndinakonzeka kuwalandira, ndi oyenera. Amayi a Dorika andiikira madzi osamba, andipakulira, akhala pambali n'kumasoka diresi ya mwana. Osatchula siteshoni, osatchula positi. Pambuyo pake angofunsa kuti amayi anga amakonda bulangete la mtundu wanji. Atulutsa lathu latsopano lija tinalisungira nyengo yozizira.

Bola akanandikalipira.

Lamulungu

Ku tchalitchi tapempherera amene akunyamuka. Mabenchi a kumanzere adzakhala opanda anthu. Nyimbo inakanika kutha, oyambitsa ake ali pamndandanda.

Masana a Jailosi abwera kunyumba. Ndimaganiza kuti ndiwachitira nsanje, koma nditawaona atakhala pampando, chipewa pabondo, nsanje inandithera. Iwo sakufuna kupita. Ku Dedza sakudziwako munthu, amene ankawadziwa anatha. Akazi awo agona kumanda a komboni konkuno, kuseri kwa mulu wa miyala.

Basi yochokera ku Blantyre kupita ku Dedza imadutsa pa Ntcheu. Avomera kutsika. Ndawalembera njira: sitolo, mjigo, mtengo wa mango wopindika, ngati ukadalipo. Ndawapatsa bulangete, kalata, ndi chithunzi cha Dorika amene agogo ake sanamuonepo.

Afunsa kuti amayi akadzati mwana wanga akubwera liti, adzayankhe chiyani. Ndati akawauze kuti andiona ndi maso awo, ndili bwino, ntchito sanandichotse.

"Ndikawauza, achimwene. Ndikakhala nawo tsiku lonse, ine changu ndilibe. Koma nanenso ndili ndi pempho. Mvula ikagwa, udzu umamera msanga pamanda paja."

Ndawauza kuti asadandaule.

Ndawaperekeza mpaka pa njanji. Amayenda pang'onopang'ono, bulangete kukhwapa, osacheuka. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Umvuma. Khasu ndikabwereka kwa a Moyo.