Khadi la Asiyatu

Mukuseka poti ndine wamfupi eti? Sekani, achimwene, koma musanatiletse kukwera basi ya kuchipatala ku Balaka chifukwa choti Asiyatu wanga, khanda la miyezi isanu ndi itatu, alibe khadi la Chipani, yambani mwamva kuti bambo ake ndi ndani. Langa mwaliona. Lakelo ndinagula kale kunja, ndikusewera basiketibo, mpira uja amadunda ndi dzanja n'kuponya m'dengu lobooka kunsi. Wotsutsa abwere pafupi.

Ndinayambira ku Rivirivi, ndikukweza mabelo a thonje m'lole. Tsiku lina ndinaponya mopyoza, belo linadumpha lole, linadumpha mitengo, n'kukagwera m'sitima yopita ku Beira, ndipo Mpwitikizi amene linamugwera pamutu atatsitsimuka sanafunse n'komwe za chipewa chake, anangofunsa mwini mkono. Mukumva? Ku Beira ndinasewera chaka chimodzi, dengu likutha sabata iliyonse, mpaka a ku Lisiboni anandigula posinthanitsa ndi sitima yapamadzi, amalinyero ake ali momwemo. A ku Italiya ndiye anandiba ndili m'mwamba: ndinalumpha ku Lisiboni Lachisanu nditangochoka kumzikiti, potera Loweruka n'kupeza ndavala malaya a timu ina, anthu akundiimbira m'chilankhulo chawo. Kufupikaku ndinakutengera ku Amereka. Ndinapita ndili ngati mlongoti, koma kutera kwa tsiku ndi tsiku kunandikhomerera ngati msomali.

Tsono za khadi. Pa mpikisano womaliza ku Amerekako ndinakana kulowa m'bwalo, ndinati kwathu munthu salowa ngakhale mumsika wa tomato wopanda khadi. Azungu anachonderera, ine iyayi. Walahi, anaima onse pamzere wogula makhadi, osewera, woimba wezulo, apolisi, ogulitsa mtedza, mayi wina woyembekezera anagula awiri monga mumachitira kuno, mpira nawo ndinaugulira lake n'kulimata ndi ulimbo poti sindikanagwira chinthu chosadziwika mbali imene chili, ndipo kuyambira pamenepo dengu linkalavula mpira uliwonse woponyedwa ndi munthu wa khadi la chaka chatha. Tinapambana adani athu akadali pamzere. Mukumva, achimwene? Makhadi otsala ndinagulira ana anga, adzukulu anga ndi mbuzi zawo. La Asiyatu lili m'gulu limenelo. Likubwera panyanja, kungoti mtolo wake ngolemera, sitima ikuyenda pang'onopang'ono.

Mwati ndikuonetseni chithunzi? Makamera onse anasweka, liwiro langa linali... Dalaivala wa basi waliza injini.

Chabwino, achimwene. Sindinawolokepo ngakhale Shire pa Liwonde. Mayiko onsewo ndinawaona pa mapu a kusukulu yamadzulo, ndipo mpirawo ndinauonera pampanda wa kumishoni. Mayi ake mwanayu ali chigonere kunyumba, iyenso wakana kuyamwa kuyambira dzulo, basi ina ndi ya mawa. Mwaseka mokwanira, mnzanuyo mpaka wagwetsa buku la makhadi. Khadi ndidzamugulira, adzakula, mwina adzatalika kuposa bambo ake n'kukawaona yekha mayikowo.

Tamugwirani pamphumi apa. Iyayi, ndi kuseri kwa dzanja. Mwamva mmene akutenthera? Pamenepa ndiye ndilibe choonjezera.