Gulu la Gaga ndi Gulu la Mafuta

Lolemba
Sopo wochokera ku Likoma wabwera atakulungidwa m'pepala la Chingerezi. Ndawerenga katatu. Abale inu! Kunja uko madokotala amaweta makoswe, kuwabaya mankhwala kuti adwale khansa ya m'matumbo, kenako ena kuwadyetsa gaga ndi masamba, ena mafuta ndi nyama. Akuti a gaga sadwala kwenikweni. Khoswe kukhala ndi dokotala wakewake! Atate mwezi wachitatu uno akuchita chimbudzi cha magazi. Ndiyesa ndekha, ndidziwe chowadyetsa.

Lachiwiri
Zofunika: makoswe, zitini ziwiri, gaga, mafuta, jakisoni. Nthawi ndili nayo, sukulu adatseka ndi nkhondoyi. Makoswe ndagwira anayi, oonda ngati eni nyumba.

Lachitatu
Kuchipatala. Enfermeyiro, namwino wathu, aseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, jakisoni wa anthu tilibe, ndiye wa makoswe?" Chabwino, adwale okha.

Lachinayi
Gulu la gaga silivuta, ndi zomwe tikudya tonse chitsekedwere msewu wa ku Lichinga. Akazi anga, amake Rosa: "Nanga atate, zaka ziwiri ali pa gaga, akudwaliranji?" Funso lopanda ulemu! Khoswe mmodzi waluma mnzake, wafa.

Lachisanu
Vuto ndi chakudya choipacho. Mafuta ndiwapeza kuti? Wapansi mpaka ku Chiwanga, ndasinthitsa malaya anga ophunzitsira ndi kampango mmodzi wowamba, wonona. Njira yonse ndikungomeza malovu. Koma pali mayiko! Zonona chonchi n'kukhala zodwalitsira khoswe?

Loweruka
Kampango pamakala, mafuta ali chuu! Atate, amene sabata yonse akungogona, aitana ali pamphasa: "Mwanawe, ine undilembe gulu la mafuta." Ndawafotokozera za pepala bwinobwino. Iwo: "Nanga a gaga aja, pamapeto adawatani?" Ndawerenganso. Onse, a gaga ndi a mafuta omwe, amawang'amba pamimba tsiku limodzi. Atate aseka mpaka kugwira nthiti.

Lamulungu
Makoswe ndakataya kutchire. Kutchalitchi sindinapite. Atate adya kampango, kuyambira mutu, koyamba mwezi uno kumaliza mbale. Ine ndangokhala pakhomo kuwayang'ana akunyambita zala. Magazi sanasiye, ndipo ndikuopa kwambiri. Akufunsa ngati ku Chiwanga watsalako wina. Mawa ndipita ndi nsapato m'manja, ndikasinthitse.