Mtambo Umene Ndinaumanga pa Njinga

Iwe wa chipewa chofiira, seka, mano ndi ako, koma usananditche wabodza ukafunse ku Mpanshya zimene ine Zakeyo Mwanza ndinachita chaka cha chimanga chachikasu. Kapena chinali chaka chotsatira? Ayi, chomwecho, poti mbuzi yanga inali ikadali moyo.

Kale mvula ya kumapiri kuno inali ndi ulemu, inkafika nthawi yake ngati belu la ku mishoni, koma zaka zimenezo inapenga. Igwa kwa ba Mumba, kwanga fumbi lokhalokha, chonsecho minda yathu yangolekana ndi mzere wa chinangwa. Ndinabzala, ndinabwerezanso, mbewu n'kumapsera pansi, mpaka mkazi wanga amake Tisa anamanga katundu m'chitenje nati, "Ba Mwanza, ikapanda kugwa, ine ndi ana tikwera minibasi, tibwerera ku Katete."

Ndinatenga njinga yanga yamakala ndi malegeni omangira matumba, ndinakwera phiri la ku Shikabeta kukasaka mvula, kukwera mpaka akabawi ndikuwaonera kumsana, ndipo kuseri kwa thanthwe ndinaipeza mitambo itagona mulu ngati matumba a feteleza, ina yakalekale yochita nkhungu ya nthawi ya atate, ina yaiwisi yosakhwima, mukumva? Ndinaima pamenepo kukamwa yasa, osadziwa kuti wa chaka chino ndi uti, ndinanunkhiza uwu, ndinanyambita uwo, kenaka ndinangosolola wonenepa wa pansi, mulu wonse gumu, kusakanikirana, ya Novembala kulowa mwa Febuluwale, moti mpaka lero sinalongosoke.

Ndinaumanga pakeliyala ukulira ngati nkhumba. Potsika mabuleki anaduka, mphezi ikundiwaula thalauza, ndinadutsa munda wanga osaima, kudutsa mishoni, malole a pamsewu waukulu ndikuwasiya ngati aima, mpaka phava m'madzi otentha a pa kasupe wa Chinyunyu! Mtambo unawira. Mukumva? Ndinauvuula ukufuka nthunzi, ndinabwerera nawo chokankha, ndinaufinyira pamunda ngati chitenje chochapa, ndipo ndikuona ndi maso chimanga chinamera, kufika m'mapewa, kubereka chophikaphika, ana n'kumangothyola, kuthira mchere, kudya. Amake Tisa anamasula katundu.

Manje mukawafunsa amake Tisawo akamba zina. Akuti chinali chaka cha madzi osefukira, akuti ndinapita kukagulitsa makala, ndinagwera mumtsinje pamodzi ndi njinga, ndinafika pakhomo ndili chonyowa, nsapato imodzi palibe. Nsapatoyo ndiikumbukira ndithu, inali yakumanzere. Koma ngati kunali kusefukira, iwo katundu ankamangiranji? Nanga ngati kunali chilala, mitsinje yonse mchenga, ine ndinanyowa ndi chiyani? Zaka zimenezo zimandizunguza mutu, sindikana.

Koma chimanga chija ndinadya ndi pakamwa panga pano, chikadali pa phesi, chotentha mpaka lilime linasupuka. Sendera kuno iwe, uone wekha chipsera chake!