Duwa la Tadala ndi Bafa Lathu

Anzanga, munaonapo duwa loyanga likuyaka ngati moto pakati pa chisanu cha Juni? Kwathu kuno kumunsi kwa phiri la Dedza lilipo, ndinalidzala ndekha sabata imene mwana wanga Tadala anabadwa. Kanali kanthambi chabe kopempha pa mpanda wa munthu wina ku Boma, ndinakabaya pafupi ndi bafa lathu la udzu kuti kazimwa madzi osamba. Koma abale! Tadala akuyamba kukwawa, nalo likukwawa, Tadala akuima chilili, ilo lakuta kale bafa lonse mpaka kulumphira mumtengo wa mapichesi. Masamba osayoyoka ngakhale mu Okutobala. Maluwa ake ngati timakandulo tolendewera, moti m'mawa ndinkanyamula mwana n'kuima pamenepo chete ngati tili m'tchalitchi.

Ndiye kunabwera uthenga woti Loweruka amayi a mphakati adzapempherera kwathu, owatsogolera apongozi anga. Ine pano ndine mkamwini, ndinafuna aone kuti mwana wawo anapeza mwamuna wosamala pakhomo. Ndinakumbukira zomwe tinaphunzira kusukulu ya madzulo, zoti chomera ukachitengulira chimakondwa. Lowerukalo litafika, ndinatenga chikwanje.

"Bambo a Tadala, duwalo lakulakwirani chiyani?" anafunsa mkazi wanga.

"Mayi a Tadala, izi n'zakusukulu, inu ingoonererani."

Ndinadula nthambi zonse zomwe zinagwira mtengo wa mapichesi n'kuziunjika pambali. Bafa linapendekeka pang'ono. Kodi sindinaone? Ndinaona ndithu, koma ndinati ndi maso anga. Thukuta lili kamukamu, ndinalowa kuti ndisambe msanga alendo asanafike.

Sopo kumutu, sopo kumaso, nyimbo ya amayi ikumveka kale chakunjira. Ndinatsamira mzati kuti ndikweche phazi pamwala, mzatiwo n'kufumbutuka m'manja ngati buledi wouma. Chiswe! Chinadya mizati yonse kalekale ife osadziwa, bafa lija linkaima chifukwa duwa linalikumbatira n'kulimangirira kumtengo wa mapichesi, pomwe ndinadula ine paja. Kamphepo kakuphiri kanangoti fuu, bafa lonse khu! pansi, thaulo ndi kabudula kunsi kwake.

Nyimbo inadukira pakati.

Inu mukanatani? Ine ndinalumphira mulu wa nthambi zija n'kuzikumbatira, maluwa kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, diso limodzi lotseka ndi sopo, mano akugundana ndi chisanu. Amayi onse anatembenukira kuphiri ngati akuliona koyamba. Kenako kamawu ka Tadala:

"Agogo, taonani! Adadi aphuka maluwa!"

Apongozi, maso akadali kuphiri, anayankha modekha: "Inde mwanawe. Uwauze bambo akowo agwiritse, kunja kuno kuli mphepo."

Mapemphero ndinawamvera m'chimbudzi, mkazi wanga atandiponyera chitenje. Alendo atapita ndinakagwada patsinde la duwa lija n'kuligwira. Kunenepa kwake ngati kamkono ka Tadala basi, koma kunyamula bafa lonse nthawi yonseyi popanda wodziwa! Ndinakhala pamenepo kukamwa kuli yasa, manyazi n'kuyamba kuiwalika.

Bafa ndamanga lina la mizati yamoyo, duwa nalo laphukira mwamphamvu kuposa kale, ndiye zakusukulu zija sizinali bodza ayi. Koma chikwanje pafupi nalo? Ine ayi. Ngakhale litayanga n'kulowa pazenera mpaka kukagona pabedi, ndidzangoyala mphasa pansi.