Khoswe Wovala Jekete

M'mudzi wina, umene sindiutchula dzina chifukwa ndili ndi abale kumeneko, munafika galimoto yoyera chaka chimene mvula inachedwa. M'galimotomo munatsika mayi wa ku yunivesite amene ankamutchula kuti Dokotala, ngakhale jakisoni sankadziwa kubaya. Udokotala wake unali wa nyimbo. Anati wabwera kudzajambula nyimbo za pamtondo zisanatheretu, poti chigayo chinali chitazimeza.

Tsiku lomwelo mudzi unapanga komiti. A Kathumba, amene chibadwire sanagwirepo munsi, anasankhidwa kukhala Wapampando Wamkulu wa Komiti Yosunga Nyimbo, Mbiri ndi Zina Zotero. Anavala jekete lawo, n'kuuza Dokotala kuti nyimbo za mudzi uno n'zamakolo zenizeni, sizinasinthe ndi liwu limodzi lomwe kuchokera nthawi imene anthu ankavala nyanda. Dokotala analemba zimenezo m'kope.

Tsonotu ine sukulu sindinaipondeko, ndipo sindiilira, koma ichi chokha ndikuchidziwa: nyimbo ya pamtondo sasunga ngati mbewu. Mkazi amaimba chimene chikumuwawa sabata imeneyo. Ndipo lamulo lake n'lakuti zoimba pamtondo sizikhala mlandu. Mwamuna akazimva amasanduka gonthi, amangotsokomola n'kumapita.

Amayi anatulutsa mtondo umene nkhuku inkaikiramo mazira, n'kuutsuka. Woyamba kugwira munsi anali Nangozo, mkazi wa Wapampando yemweyo. Amuna akewo anali atapita kukalondera galimoto ya alendo kuti mbuzi zisaikande. Chimene chinkamuwawa Nangozo masiku amenewo chinali mtedza wa mbewu. Thumba lathunthu linatha pang'onopang'ono m'nyumba. Amuna ake ankati ndi makoswe, mpaka anakabwereka mphaka kwa aneba. Koma makoko ankapezeka m'thumba la jekete. Ndiye Nangozo anakweza munsi n'kuyamba:

Khoswe wa kwathu avala jekete,
Khoswe wa kwathu ali ndi ndevu,
Mtedza wa mbewu watha, amayi,
Mphaka mwam'bwerekeranji?

Dokotala misozi inalengeza. Anati sanamvepo nyimbo yakale yozama chonchi.

Patatha chaka anabweranso ndi galimoto ziwiri, ati kudzabweza zimene anafufuza kwa eni ake. Anamanga tenti pabwalo la sukulu, n'kuimika zimkuzamawu zazikulu ngati nkhokwe. Midzi isanu inasonkhana.

Nangozo ataona zimkuzamawuzo anayamba kuyang'ana amene abwera. Pamtondo amakumva ndi anzako atatu ndi nkhuku. Apa panali apongozi ake, akuluakulu a mpingo, ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pamzere wakutsogolo. Ndipo mtondo panalibe. Nyimbo yotere ikamveka pagulu iwe ulibe munsi m'manja, chimenecho n'chipongwe, ukwati wa zaka makumi atatu utha kuthera pomwepo.

Wapampando analankhula ola lathunthu. Anabwereza kuti nyimbo zimene timve pano anaziyamwa kwa agogo awo, ndipo aliyense wozikayikira ndi mdani wa chikhalidwe. Patebulo panali buku la Dokotala, chithunzi chawo chili pachikuto. Atakhala pansi, makina anayatsidwa.

Mawu a Nangozo anamveka mpaka kudambo. Kenaka maso onse, mmodzimmodzi, anapita pa ndevu za Wapampando, n'kutsikira pa jekete. Linali lomwe lija.

A Kathumba anadzambatuka, chala chitaloza kale kwa ankhoswe. Dokotala anaganiza kuti katswiri akufuna kuthirirapo ndemanga, ndiye anawathamangira ndi maikolofoni.

"A Wapampando, inu ndinu mwini mbiri. Tiuzeni, munthu wa m'nyimboyu anali ndani?"

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kunena kuti mkazi wanga wandichita chipongwe kunali kuvomera pamaso pa midzi isanu kuti khoswe uja ndi iwowo, kuti nyimboyo ndi ya chaka chatha, ndi kuti bukulo, chithunzi chomwe, n'labodza. A Kathumba anayang'ana akazi awo, anayang'ana buku, chala chija chinatsika pang'onopang'ono n'kukalowa m'thumba.

"Ameneyu anali munthu wakale kwambiri," anatero. "Anamwalira kalekale."

Dokotala anafunsa za jekete, kuti nthawi ya nyanda linachokera kuti. Iwo anati makolo ankalosera. Dokotala analembanso m'kope.

Nabengo, mnzake wa pamtondo, anamukodola Nangozo. "Pepani anzanga, maliro ake sitinamve."

"Musadandaule," anatero Nangozo. "Anapita atakhuta."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Dokotala anapempha kuti Wapampando atsogolere anthu kuimba, kuti achinyamata aphunzire kwa mwini wake. Anatsogoleradi, akuwomba m'manja, thukuta lili kamukamu, midzi isanu ikuvomera kumbuyo. Aphunzitsi aakulu anaikonda kwambiri nyimboyo, moti mpaka lero a Kathumba amaitanidwa kusukulu teremu iliyonse kukafotokoza kuipa mtima kwa amuna akale.

Alendo akunyamuka, Wapampando anagwirira Dokotala chitseko cha galimoto. Nangozo anafika n'kugwada mwaulemu pambali pa amuna ake.

"Adokotala, makina aja musawaike patali. Ndakumbukira ina, yakale kuposa ija. Ndi ya munthu wina amene dzuwa likapendeka ankasamba, n'kunena kuti akupita kumsonkhano wa komiti."

Dokotala anatulutsa kope kuti alembe tsiku lobwera. Wapampando anati imeneyo makolo analetsa kuimba, ndipo anatseka chitsekocho msanga.

Kuchokera tsiku limenelo, Komiti Yosunga Nyimbo, Mbiri ndi Zina Zotero imakumana pakhonde pa Nangozo, dzuwa lili paliwombo.